Penate Imene Sinamenyedwe

Amuna anga a Ambrose ndi munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Mkati mwa sabata ankalawirira kukaima pakhomo pa hadiweya ina kuno ku Bertrams, m'Joni, kudikira aliyense wofuna waganyu. Kumeneko dzina lawo linali "wena", ndiye kuti iwe pa Chizulu. Wena nyamula, wena kumba, wena ubwere mawa. Iwo n'kumangovomera, chipewa chili m'manja. Ine ndikanakhala ine, bwenzi nditamulasa munthu ndi fosholo kalekale.

Koma likafika Loweruka masana, aaa, munthu ankasintha. Ankavala malaya akuda amene ndinkawasitira ndekha, kukoleka wezulo m'khosi ndi chingwe cha nsapato, n'kulowera kubwalo la kuseri kwa sukulu ina ya mpingo kukaimbira mpira wa ana. Akaimba wezulo ija, aliyense ankaima. Ana a Amalawi, ana a ku Zambia, a ku Congo, a Chizulu, onse njii, kudikira kuti a Refa anena chiyani. Ndinkawaona akuyenda chifuwa chili patsogolo ine n'kumadzifunsa kuti, kodi awa ndi amuna anga omwe aja? M'Joni monse muno, malo okhawo amene a Ambrose anali munthu anali pabwalo limenelo.

Ndipo bwalolo anachita kulipempha okha. Kale ana ankasewera mumsewu, pakati pa matakisi, mpaka wina anathyoledwa mwendo. A Ambrose anayenda ulendo wosawerengeka kwa eni sukulu, kupempha ngati akupempha mbeta, mpaka anthuwo anatopa nawo n'kulola. Makiyi a geti anali ndi a Aufi, mlonda wa pasukulupo, munthu wa ku Mangochi wosakonda zolankhula zambiri.

Ana analibe vuto. Vuto linali makolo, abale inu, makolo! Munthu wakalipiridwa sabata yonse kuntchito, wabwera ndi mkwiyo wake wosaphwa, waonjezera ndi timabotolo tiwiri, ndiye akufuna wina woti amukalipire naye. Komanso aliyense ankakhulupirira kuti mwana wake ndi amene adzatengedwe ndi timu yaikulu n'kuwatulutsa m'mikhukhu, tizisakasa ta malata tija. Ndiye yerekezani kumuimbira ofusayidi mwana woteroyo. Poyamba oimbira analipo angapo. Wina anagendedwa botolo, wina anamulondola mpaka kuchipinda kwake, wina anangosiya kuyankha foni. Anatsala a Ambrose okha. Tsiku lina pa mkangano mwala unaswa windo la kalasi, ndipo a Aufi anabwera kudzanena mawu a mabwana awo: ndewu ina ikangochitikanso, geti itsekedwa, osadzatsegulidwanso.

Ine ndinkagulitsa mandasi m'mbali mwa bwalo, amene kuno amati magwinya, ndiye zotukwana zonse zinkadutsa m'makutu mwanga. "Refa wadya banzi!" "Refa ndi wakhungu!" "Refa mfiti!" Tsiku loyamba ndinamuyankha bambo wina mpaka anaiwala chenji. Titafika kunyumba a Ambrose anandikhazika pansi.

"Elina, pabwalo paja ine sindine amuna ako. Iwe zako ndi mandasi. Akadziwa kuti ndili ndi m'bale pamenepo, chilichonse chimene ndingaimbe adzati ndakondera."

Ndinavomera. Choncho anthu ochokera ku Yeoville, ku Kya Sand ndi kwina konse ankangondidziwa kuti mayi wa mandasi wolongolola uja, basi.

Tsopano ndikuuzeni za amayi anga, a Millicent. Agwira ntchito m'makhitchini a azungu zaka zambirimbiri, ndipo amakhala ku Kya Sand ndi Lonjezo, mwana wa malemu achimwene anga. Mwanayo ndiye mtima wawo. Mukamukhudza Lonjezo mwaputa mavu. Pakamwa panga pano ndinatengera iwo, koma ine ndine wophunzira chabe.

Kwathu ku Ntcheu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso. Sadyera pamodzi, salankhulana mwachindunji, ndipo akakumana panjira mkamwini amapatuka, kuvula chipewa n'kunjuta mpaka apongozi adutse. Joni yasintha anthu ambiri, koma awiriwa ayi. Amayi akabwera kwathu, m'kachipinda koti ukatambasula mwendo wagunda khoma, a Ambrose ankakhala choyang'ana kuchitseko n'kumati, "Elina, afunse amayi ngati ayenda bwino." Amayi nawo, "Uwauze kuti ndayenda bwino, koma bondo." Ine pakati ngati mtenga wa pa ukwati. Zinkandiseketsa, koma mumtima ndinkanyadira kuti ndinakwatiwa ndi munthu woleredwa.

Ndiye Lonjezo analowa timu ya ana a ku Kya Sand. Mpira wake woyamba unagwera pabwalo lathu, kulimbana ndi timu ya ku Yeoville imene ankaiphunzitsa a Kabwe, bambo wa ku Chipata wogulitsa zitsulo za galimoto, yemwenso mwana wake ankasewera kutsogolo. A Ambrose atamva anasowa mtendere. Anaimbira foni onse amene ankaimbira mpira kale kuti wina awagwirire tsiku limenelo. Wina anawaseka, wina anati mano ake akuwafunabe. Kuti mpirawo ulephereke sakanalola, chifukwa ana anali atasonkha kale za takisi ndipo ankawerenga masiku.

Ine ndinawaimbira amayi. "Amayi, chonde musabwere. Tidzakuuzani mmene zayendera."

"Iwe, mwana wa malemu mwana wanga asewere koyamba ine ndili pakhomo kusenda anyezi? Wapenga?"

"Ndiye mukabwera mudzakhale chete."

"Ine ndinayamba ndasokosapo kuti?"

Anafika ndi ambulera yawo yaikulu, atavala chitenje cha mpingo, n'kukhala pa kreti pakati pa anthu a ku Kya Sand. Ine sanandipatse moni, monga tinapanganirana kuti chibale chisadziwike. Apo ndinati mwina Mulungu atimvera chisoni.

Kunatentha tsiku limenelo, fumbi lili koboo. Mpira utangoyamba pang'ono, mwana wa a Kabwe analandira mpira ali yekhayekha kuseri kwa otchinga onse n'kuuponya muukonde. Ngakhale ine wa mandasi ndinaona kuti ndi ofusayidi. Wezulo inalira, a Ambrose dzanja m'mwamba, chigoli chakanidwa. A Kabwe anaponya kapu yawo pansi.

"Iwe Refa! Manje ofusayidi ili kuti apa? Uli na maso iwe?"

Anzawo anayamba kuwathandiza, wina Chinyanja, wina Chizulu, wina Chingerezi chothyokathyoka. A Ambrose sanatembenuke n'komwe. Kenaka a ku Kya Sand anagoletsa chigoli chabwinobwino, chopanda nkhani, ndipo ku mbali ya a Kabwe kunayamba kununkha ndewu. Ndinayang'ana kugeti. A Aufi anali ataimirira, makiyi akuwaseweretsa m'manja.

Chigawo chachiwiri chinayenda mwa mtima uli m'mwamba. Bambo wina woledzera analowa m'bwalo kuti akalangize mwana wake, a Ambrose anangomulozera chala kunja, bamboyo n'kubwerera yekha ngati mbuzi yolowa m'dimba. Ndinati, eya, amuna anga amenewo. Nthawi inali itatsala pang'ono kutha. Ndinayamba kulongedza mabeseni, ndikuthokoza kuti tapulumuka.

Basi mpira wa pakona unabwera m'mwamba kugolo la Kya Sand. Goloboyi anauphonya. Lonjezo anali ataima pamzere, ndipo mwana ndi mwana, anangotambasula dzanja n'kuuphatika. Aliyense anaona. Ngakhale nkhunda za padenga la sukulu zinaona. Wezulo inalira, a Ambrose n'kuloza pamalo omenyera penate. Lonjezo anagwira kumutu n'kuyamba kulira mokweza.

Kulira kumeneko ndi kumene kunatiphera zonse. Ndinangoona ambulera ikuimirira.

"Amayi!" ndinakuwa. "Amayi, khalani pansi!"

Ndani? Analowa m'bwalo ndi bondo lawo lodwalalo, kudutsa pakati pa ana, molunjika kwa a Refa. Ndipo anachita chimene sanachitepo chikwatiwire ine. Anawayang'ana kumaso n'kuwatchula dzina.

"Inu a Ambrose! Mwana wamasiye ameneyu mukumuliza pagulu chifukwa chiyani? Mpirawo wamugunda wokha! Mulibe chisoni inu?"

Mumtima ndinkati, alozereni chala kunja, bambo, ngati munachitira woledzera uja. Alozereni chala basi, za ulemu tikakambirana kunyumba. Koma thupi la munthu limakumbukira zimene linaphunzira ali mwana. Ndinaona dzanja lawo likupita kumutu. Chipewa chinavulidwa. Anapatuka pang'ono, n'kunjuta pansi pafumbi pomwepo, nkhope atalozetsa kumbali, akuomba m'manja pang'onopang'ono, wezulo ikulendewera pakati pa mawondo.

Kenaka anaitana, ndi mawu omveka bwalo lonse.

"Elina! Tabwera. Auze amayi kuti mwana wagwira mpira ndi dzanja. Auze kuti ndi penate, sindingathe kusintha."

Mayo ine. Anthu anatembenuka kufunafuna Elina, n'kupeza ndi mayi wa mandasi, ali ndi beseni m'manja. Azibambo a Chizulu anayamba kuseka, poti kwa iwo zinali zoseketsa chabe, refa wagwadira gogo. Koma a Kabwe sanaseke. Kwawo ku Chipata mwambo ndi womwewu. Anayang'ana a Ambrose, kuyang'ana amayi, kuyang'ana ine, ndipo ndinaona nkhope yawo ikumvetsa zonse.

"Ni apongozi bake!" anakuwa. "Imwe bantu, Refa ni mukamwini wa timu iyi! Ndiye chifukwa anakana chigoli chathu! Banatidyera kunyumba aba!"

Ndinathamangira m'bwalo manja ali mafuta okhaokha. Amayi, poona mkamwini wawo ali chonjuta, ulemu unawabwerera pa nthawi yolakwika. Anatembenukira kwa ine.

"Uwauze amuna akowo kuti magazi ndi magazi. Uwauze kuti ngati penateyo imenyedwe, pakhomo panga asadzapondepo."

"Amayi, tulukani m'bwalo! Tulukani aimirire!"

Chifukwa nkhani inali imeneyo. Amayi ali chiimire pamenepo, a Ambrose sakanadzuka. Anthu a ku Yeoville anali akubwera mbali iyi, a ku Kya Sand mbali inayo, ena akuti wakondera apongozi, ena akuti wagulitsa mwana wa m'banja mwake kuti aoneke wolungama, ndipo munthu amene akanawaimitsa ndi wezulo anali pansi, chipewa m'manja, akuyang'ana mtengo wa golo.

"Zitsiru inu!" ndinakuwa mpaka mawu kusasa. "A Kabwe, penateyo ndi yanu! Akupatsani inu! Menyani mufanane zigoli!"

Palibe anandimva. Nsapato yoyamba inawapeza m'nthiti ali chonjuta chomwecho. Sindinaone kuti inali ya mbali iti, ndipo mpaka lero sindikudziwa. Anagwa chammbali, anthu n'kuwaunjikira. Ine ndinamenya wina ndi beseni, wina ndinamuluma, wina anandikankha ndinakagwera uko. Azibambo a mbali ziwirizo atatopa ndi refa anayamba kumenyana okhaokha. Miyala inayamba kuuluka. Ndinamva galasi likusweka kukalasi, kenaka linanso.

Chimene sindidzaiwala ndi mwana wa a Kabwe. Pakati pa chipwirikiti chonsecho iye anali ataika mpira pamalo pake, wabwerera m'mbuyo, manja m'chiuno, akudikira wezulo kuti amenye. Anadikira ndithu kanthawi. Kenaka mayi wina anamukoka dzanja n'kuthawa naye, mpira n'kutsala pomwepo.

A Aufi sanakalipe. Anadikira kuti anthu athe kutuluka, anatithandiza kudzutsa a Ambrose n'kuwatulutsa panja, kenaka anakoka geti, kukulunga tcheni n'kutseka loko. Ine ndinalira pamenepo, osati chifukwa cha magazi a m'kamwa mwa amuna anga, koma kulira kwa loko uja.

Kupolisi sitinapite. Mapepala a a Ambrose anatha kale masiku, ndiye ukapita kukadandaula umakhala wadzipereka wekha. Amene anawamenyawo ankadziwanso zimenezo. Ndinawathowa ndi madzi otentha a mchere, dzino limodzi linali litapita, nthiti zikuwawa akamapuma. Ndinawakalipira uku ndikuwathowa, ndisaname.

"Munanjutiranji? Pa anthu onse aja, munanjutiranji?"

"Nanga ndikanatani, Elina? Ndi amayi."

"Ndiye munanditchuliranji dzina?"

"Nanga ndikanalankhula nawo bwanji?"

Anandiyang'ana ndi diso limodzi lotseguka, akufunsa zoona, osati mwamwano. Ine ndinangofinya kansalu.

Atangotha kuyenda anapita kusukulu kuja kukapepesa. A Aufi analankhula nawo kudzera m'mipata ya geti. "Achimwene, ine ndine wa makiyi chabe. Mabwana akuti zatha." Anapitanso, n'kupitanso. Ulendo wina anapeza anyamata akudula mitengo ya magolo ndi makina, akuti bwalolo alibwereketsa kwa munthu woimika malole. Anaima pageti mpaka golo lachiwiri linagwa, n'kubwerera kunyumba.

Ndiye kunabwera uthenga wochokera ku Kya Sand. Amayi akuti mkamwini anawachititsa manyazi pagulu, anawakanira mawu pamaso pa anthu a mitundu ina, ndipo Lonjezo sakudya. Akufuna kupepesedwa. Ine ndinalumbira kuti kumeneko sitipita ngakhale atabwera ndi abusa. Koma Lamlungu lotsatira ndinangoona a Ambrose avala jekete, nkhuku yamoyo ili m'kapulasitiki mutu uli panja.

Tinafika. Amayi anakhala pampando pakhomo pa mkhukhu wawo. A Ambrose ananjuta chapatali, pafupi ndi ngalande ya madzi oipa, akugwira nthiti.

"Elina, auze amayi kuti ndinalakwa."

"Sindinena," ndinatero. "Simunalakwe. Mwana anagwira mpira ndi dzanja. Lonjezo, tuluka unene wekha, sunagwire?"

Lonjezo anali kuseri kwa katani, sanatuluke. Amayi anangoyang'ana kumwamba ngati sakumva.

"Nena, Elina," anatero a Ambrose motsitsa mawu. "Bwalo lapita kale. Tisatayenso amayi."

Ndinanena. Amayi analandira nkhuku n'kuti ndiwauze kuti nkhani yatha.

Ana aja anabwerera mumsewu. Masabata oyambirira ankabwera kudzagogoda kwathu Loweruka, "A Refa, tisewera liti?" A Ambrose ankandituma kuti ndikanene kuti achokapo, iwo ali chigonere kuyang'ana khoma. Kenaka anawo anasiya kubwera. Ena ndimawaona pamaloboti akupukuta magalasi a galimoto. Lonjezo mpira anausiyiratu. A Kabwe ndinakumana nawo kumsika wa ku Yeoville, anandipatsa moni ngati palibe chinachitika, n'kudandaula kuti masiku ano ana alibe kosewerera. Ndinawayang'ana n'kungowadutsa, ine amene.

Za maganyu onyamula simenti zinakanika chifukwa cha nthiti zija. Mnzawo wina anawapezera malo pa mashopu ena, kuyang'anira galimoto zoimikidwa, atavala kajekete kowala ka alonda a galimoto kaja. Sanandiuze kuti wezulo anaitenga. Ndinangoona kuti pamsomali pamene inkakhala palibe.

Loweruka lina masana ndikudutsa kumeneko ndi beseni langa pamutu, ndinaimva. Wezulo imeneyo ndingaizindikire pakati pa phokoso la Joni yonse. Miyendo inaima yokha, ngati mmene ankaimira ana aja. Ndinayang'ana tsidya la msewu. A Ambrose anali kumbuyo kwa galimoto yaikulu yoyera imene inkabwerera chafutambuyo, ndipo kumbuyoko kunkadutsa mayi ndi ngolo ya katundu. Anakweza dzanja m'mwamba, mowongoka bwinobwino ngati pa ofusayidi, chifuwa patsogolo, n'kuimba mwamphamvu kuti galimotoyo iime.

Sinaime. Mayi uja anathawitsa ngolo yake yekha, a Ambrose analumphira kumbali atagwira nthiti, ndipo galimotoyo ikudutsa, iwo anaivulira chipewa.